Tsiku Limene Bambo Anga Anali Sipho

Ndikukumbukira kuti m'mawa wa tsiku limenelo mayi anandidzoza mafuta ochuluka mpaka nkhope yanga inkawala ngati chitumbuwa. Tinkakhala ku Wallacedene, m'kanyumba ka malata kamene mphepo ya ku Cape Town inkakagwedeza ngati ili nako chifukwa. Ndinali m'giredi faifi, ndipo kalasi yathu inali ndi ulendo wokaona "mudzi wa makolo" pa famu ina kupitirira Kraaifontein, cha kumapiri kumene amalima mphesa. Aphunzitsi athu, Misi Dyantyi, anali atatiuza kuti kumeneko tikaona mmene eni dziko ankakhalira azungu asanabwere, mmene ankalandirira alendo, ndipo tikadyanso chakudya chawo. Kunena zoona, ine za makolozo sindinkazilabadira. Chimene chinkandisowetsa tulo chinali basi ya makatani ndi chakudya chaulerecho.

M'nyumba mwathu munthu mmodzi yekha ndi amene sanafune kuti ndipite. Anali bambo anga.

Bambo anga ndi Mngoni wa ku Ntcheu. Dzina lawo ndi a Layisoni, koma pakhomo palibe ankawatchula choncho. Anali a Ngozo, mfunda wawo. Tinasiya zambiri kumudzi pobwera kuno, koma mwambo umodzi bambo anaulongedza wonse osasiyako kanthu. Mwana ukamalandira chinthu kuchokera m'manja mwawo, kaya ndi pensulo kaya ndi nthuli ya nyama, unkagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo Ngozo." Iwo ankayankha kuti, "Zikomo NaNgozo." Anzanga achikhosa akandiona ndikugwada pamchenga ankafa nazo nseko, koma ine yankho lija ndinkalikonda. Kusukulu ndinali kwerekwere, dzina limene amatipatsa ife obwera. Pakhomo ndinali NaNgozo, mwana wa munthu.

Zaka zoyamba kuno bambo analibe ntchito yokhazikika. Ankadzuka kusanache kukaima pamsewu ndi amuna ena, kudikira galimoto za anthu ofuna aganyu. Masiku ambiri ankabwerako dzuwa litawawotcha chabe. Mayi ankaluka tsitsi m'kontena ina pafupi ndi pokwerera matakisi, ndipo ndi zala zawozo zimene zinkatidyetsa kabichi wa tsiku ndi tsiku. Kenako bambo anapeza ntchito "pa famu". Kabichi anayamba kukumana ndi nkhuku, ine ndinavala nsapato zosaboola, ndipo mwini kanyumba kathu anasiya kutigogodera m'mamawa. Palibe anafunsa kuti pa famupo bambo amagwira chiyani. Munthu akati famu, mutu umangoganiza za khasu. Ngakhale chikwama chawo cha zovinira ngoma, gule wa Angoni, chitasowa pamwamba pa kabati, iwo anangoti abwereka mnzawo, ife n'kukhulupirira.

Atamva dzina la malo amene tikupita, anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mwanayu asapite. Maulendo amenewa ana amasowa nawo."

"Inu a Ngozo, class yonse ikupita, wanu yekha atsale?" anatero mayi. "Ndi free, even lunch. Mukufuna azikhala m'nyumba muno ngati mphaka?"

Bambo anatsegula pakamwa, kutsekanso. M'mawa mwake ananyamuka tonse tisanadzuke. Mpaka lero ndikaganiza za kutsegula ndi kutseka pakamwa kuja ndimapsa mtima. Anali ndi usiku wonse woti atiuze zoona, koma anasankha kugona nazo.

M'basi ndinakhala ndi Asanda, mnzanga amene ankanditchula kwerekwere pokhapokha tikayambana. Tinaimba njira yonse, Misi Dyantyi akutiopseza kuti basi ibwerera. Titafika tinapeza chipata chachikulu chokoleka nyanga za ng'ombe, ndipo pachipatapo panaima mzimayi wachizungu, mwini malowo, amene antchito onse ankangomuti Madamu. Anali atavala mikanda yambiri m'khosi moti ndinkadabwa kuti mutu ukuimirira bwanji. Anatambasula manja n'kutiuza m'Chingerezi kuti pamudzi pano mlendo ndi mfumu. Kenako anatiuza kuti tisagwire chilichonse.

Panalinso alendo enieni, azungu ochokera kunja, amene anabwera kudzagona masiku angapo kuti alawe moyo wa anthu akuda. Ankagona m'nyumba zozungulira zofolera udzu. Chitseko cha imodzi chinali chotsegula, ndipo ine ndi Asanda tinasuzumira. Munali bedi lalikulu loyera, nyale yamagetsi, ndi bafa la madzi otentha. Ife amene tinkaima pamzere pa mpopi umodzi ndi mzere wina pa chimbudzi cha anthu onse tinayang'anana. Asanda anandinong'oneza kuti ngati makolo ankakhala chonchi, ndiye kuti ife tabwerera m'mbuyo.

Madamu anatiyendetsa nyumba ndi nyumba. Apa Akhosa, apa Akhoi, apo Azulu, mitundu ya anthu itandandalikidwa ngati tomato pamsika. Pa nyumba ya mphasa panakhala mayi wina wachikulire akupera masamba onunkhira pamwala. Gulu litadutsa ndinacheuka, ndipo ndinamuona akutulutsa foni pansi pa chikopa chimene anakhalira. Anandiphinyira diso, ine ndinaseka. Kumeneko kunali kuseka kwanga komaliza tsiku limenelo.

Anatikhazika pa zitsa mozungulira bwalo la dothi lofiira, azungu pamipando ya mumthunzi. Nyimbo inayamba kulira kuchokera m'sipika imene anaibisa m'dengu. Kuseri kwa mpanda wa bango kunatuluka amuna angapo ovala zikopa, nthenga kumutu, zishango m'manja. Sindinayambe ndi kuona nkhope. Ndinayamba ndi kumva. Wakutsogoloyo ankaponda pansi mwa mtundu umene ndinkaudziwa kuyambira ndili kumsana, phazi lamanja kugwa molemera, mangenjeza n'kuyankha pambuyo pake. Ndinayang'ana phazilo. Chala chachikulu chinalibe chikhadabo, chimene njerwa inachotsa pa ganyu ina ku Bellville. Ndinakweza maso, ndipo pansi pa nthenga zija panali bambo anga, mimba pamtunda, nkhope atailemba mizere yoyera.

"Uyu ndi Sipho," anatero Madamu monyadira, "Mzulu weniweni, mdzukulu wa ankhondo. Agogo ake ndi amene anamuphunzitsa gule ameneyu."

Bambo anakweza chishango n'kufuula moni wa Chizulu kuti, "Sanibonani!" Anyamata a m'kalasi mwathu anaphulika nako kuseka, chifukwa lilime la ku Ntcheu silibisika ngakhale ulivale zikopa. Asanda ananditsina pantchafu. "Tadala, uyu si tata wako?"

Ndinali nditawaonapo bambo akuvina ngoma pa ukwati wa Amalawi anzathu ku Philippi. Tsiku limenelo amayi ankaimba ndi kuomba m'manja, iwo akuyenda pang'onopang'ono, mutu uli chilili, ngati munthu amene dziko lonse ndi lake. Ngoma ndi gule waulemu, sathamangira. Koma apa ankawadumphitsa ngati chule, kuwatuzulitsa maso, kuwathamangitsa ndi mkondo kulunjika kwa azungu kuti akazi akuwe kenako aseke. Zikopa zinali zawo, mangenjeza anali awo, miyendo inali yawo, koma gule uja sanali wa mtundu uliwonse pa dziko lapansi. Anali gule wa m'mutu mwa Madamu. Ndinakhala pachitsa paja makutu akutentha, ndikuona thukuta likusungunula mizere yoyera ija. Kamodzi maso athu anakumana, iwo n'kutembenukira kwina.

Gule atatha Madamu analengeza kuti pa mwambo wa Afirika mlendo amapatsidwa chakudya ndi mwini mudzi. Anatiimika pamzere umodzi, aliyense ndi mbale yachitsulo. Patsogolo panali mphika wakuda wa miyendo itatu wodzaza chimanga chokonola chophika ndi nyemba, ndipo pambali pake panaima bambo ndi chipande. Fungo lake linali labwino, sindinganame. Mzere unkayenda. Ndinakonza zoti ndingotambasula mbale ngati ana ena onse n'kudutsa. Ndinakonzadi. Koma nditafika patsogolo pawo, dzanja lawo litatambasuka kundipatsa chakudya, mawondo anga sanandifunse. Ndinapezeka ndagwada pa dothi lofiira lija, mbale ndaigwira ndi manja awiri.

"Zikomo Ngozo," ndinatero.

Ndinadikira. Chipande chinaima m'malere. Ndinkamva makala akuthetheka pansi pa mphika, ndipo ndinkangoona mapazi awo okhala ndi fumbi. Yankho limene linkabwera tsiku lililonse la moyo wanga, ngakhale pa chingamu, silinabwere.

Chimene chinabwera ndi mawu a Madamu. Anaomba m'manja ngati watola ndalama, n'kuitana alendo ake kuti adzaone kamtsikana kodziwa mwambo. Kenako anatembenukira kwa bambo, akumwetulira, koma maso ake sanali kumwetulira.

"Sipho, mwana uyu ukumudziwa?"

Bambo anayang'ana mumphika.

"No, madam."

Anathira chimanga m'mbale mwanga n'kundiuza m'chinenero chobwereka kuti, "Hamba, ntombi." Pita, mtsikana. Ngati mwana wa munthu wina amene watsekereza njira.

Zikanathera pomwepo mwina bwenzi chilondacho chitapola. Koma alendo ena anali asanatulutse makamera, ndiye Madamu anati ndibwereze. Ndinaima chilili. Misi Dyantyi, amene ankawadziwa bwino bambo anga chifukwa ankabwera kumisonkhano ya makolo, anandikankha pamsana n'kunena chapansipansi kuti ndisachititse sukulu manyazi. Ndinakhuthulira chimanga mumphika, ndinagwadanso, makamera anathetheka. Bambo wina wa kabudula anadandaula kuti dzuwa linali kumbuyo kwathu, ndiye anatitembenuza, ine ndi bambo anga, ngati mipando. Madamu anawerama n'kundipempha mwaulemu kuti ndinenenso timawu tokoma tija.

Apo ndiye mkwiyo unandikwera mpaka m'mano. Ndinakweza mutu, chinthu chimene mwana wogwada sachita, ndinawayang'ana bambo m'maso, ndipo ndinafuula kuti bwalo lonse limve.

"Zikomo Ngozo!"

Ndinkafuna ndione ngati angakhale chete kawiri. Anakhala chete. Msuzi wotentha unandidonthera pamkono, koma milomo yawo sinasunthe. Azungu anaomba m'manja. Mayi wina wa chipewa chachikulu anandisisita m'mutu n'kundiika siwiti m'thumba la yunifolomu.

Chakudya chija sindinachikhudze. Ndinakachikhuthulira galu wa pa famupo kuseri kwa nyumba ya Akhosa, ndipo siwitiyo ndinaiponya m'phulusa. Pobwerera m'basi mnyamata wina dzina lake Lunga anaimirira pakati, kutuzula maso, kudumphadumpha akufuula kuti ndine mwana wa Sipho. Ndinali kamtsikana kowonda ngati bango, koma ndinamugwetsera pansi pa mpando n'kumuluma pakhutu. Misi Dyantyi anafunika thandizo la kondakitala kuti atilekanitse. Asanda akuti mpaka lero khutu la Lunga lili ndi chizindikiro, ndipo pa zonse za tsiku limenelo chimenecho chokha ndi chimene chimandisangalatsa.

Bambo anafika dzuwa likulowa, atavala ovolosi yawo ya buluu, nkhope atasamba bwinobwino. M'manja anali ndi jumbo ya buledi wowotcha pamakala, wotsala kwa alendo. Analowa n'kunditambasulira jumboyo. Ndinailandira nditaimirira, ndi dzanja limodzi, lamanzere, n'kuiika patebulo. Mayi anadzuka ndi mbama yokonzeka kale.

"Musiyeni," anatero bambo.

Anakhala pa kreti n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Madamu amauza alendo ake kuti aliyense pamudzi paja ndi mwana wa dziko lino, chifukwa mzungu sakwera ndege kudzaona Mmalawi ku South Africa. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe anayankhula Chishona ndi mlendo, ndipo tsiku lomwelo anamuonetsa chipata. Mayi anamvetsera manja ali m'chiuno, kenako anangokhala pabedi.

"Ndikanati yes, mawa ndikanakhala pamsewu paja kudikira ma bakkie a ofuna aganyu," anatero bambo. "Nsapato wavalazo zikanachokera kuti? Wamva, mwananga?"

"Ndamva."

"Ndiye bwanji ukundiyang'ana choncho?"

"Mukanangonena NaNgozo chapansipansi. Iye uja sakanamva."

Anavula nsapato zawo n'kutuluka kukasamba m'manja, ngakhale m'manjamo munali moyera.

Ndinamvadi, ndipo ndikumvabe. Ndine munthu wamkulu tsopano, ndikudziwa kulemera kwa lendi ndiponso mmene mwamuna amaonekera akabwera madzulo chimanjamanja. Koma anthu amene amati ukamvetsa mkwiyo umatha sanagwadepo pamaso pa bambo awo n'kumva akuti sakuwadziwa. Kuyambira tsiku limenelo sindinawagwadirenso, ndipo iwo sanandifunse chifukwa. Tinkapatsana zinthu ngati anthu a m'sitolo. Anagwira ntchito ija zaka zambiri, ndipo ndi Sipho amene anandiphunzitsa sukulu mpaka kumaliza. Zimenezo ndikuzidziwa, wina asandikumbutse.

Patapita miyezi, mayi wina wa kwathu amene ankakolopa m'hotela ku Sea Point anabwera ndi kapepala kokongola kotsatsa malo aja. Pamwamba pake panali ine, nditagwada, mbale m'manja, nkhope yowala ndi mafuta a mayi aja. Pansi analemba kuti ndine kamtsikana ka Chizulu kothokoza mfumu yake. Munthu akayang'anitsitsa chithunzicho amaona kuti kamtsikanako kakufuna kuluma munthu, koma ndani amayang'anitsitsa? Palibe anatipempha, palibe anatiuza. Anatenga ulemu wa m'nyumba mwathu, chinthu chokhacho chimene tinali nacho chosagula, n'kuchiika pa kauntala pamodzi ndi mapepala a kokaona anyani ndi kokalawa vinyo.

Masiku ano ndimagwira ntchito polandirira alendo pa hotela ina m'tauni. Sabata silitha osabwera mlendo womwetulira wofunsa kumene angakaone "anthu enieni" ndi chikhalidwe chawo. Ndimamwetuliranso, chifukwa ndi ntchito. Koma mumtima ndimati, munthu weniweni ndi amene wakunyamulira chikwamayu, wamufunsa dzina? Ndamva kuti alipo malo ena amene eni ake enieni amayendetsa okha, kufotokoza mbiri yawo ndi pakamwa pawo, ndipo kumeneko ndimawatumiza ndi mtima woyera. Famu ija inasiya za mudzi wa makolo, tsopano amachititsirapo maukwati. Amalawi a kuno nawonso anasintha. Amavina ngoma m'maholo a ku Bellville ndi mayina awo, n'kuika pa foni kuti dziko lonse lione. Mwana wanga wamwamuna akalandira kanthu amangoti "thanks" akuyenda, ndipo ndilibe mphamvu yomuphunzitsa zina.

Bambo anabwerera ku Ntcheu mawondo atayamba kuvuta. Chaka chatha ndinapita kumudzi ku ukwati wa msuweni wanga. Chakudya chitatha amayi anayamba kuomba m'manja ndi kuimba, amuna anatuluka ndi zishango zawo, madala ndi anyamata omwe. Panalibe sipika, panalibe wa kamera woti atembenuze munthu. Ena mwa ovinawo anali okalamba kuposa bambo anga, oyenda ndi ndodo, koma nyimbo itawagwira ndodozo anaziponya. Anzawo a ubwana anayamba kuitana. "Ngozo! Tiyeni, Ngozo! Bwalo ili linali lanu!" Bambo anali pampando pansi pa mtengo wa mango, manja pa mawondo, akungopukusa mutu.

Ndinapita kukaima pambali pawo. Ndinali nditanyamula mawu anga zaka zonsezi, okonzeka bwino, ndipo ndinaona kuti nthawi yake ndi imeneyi.

"Kwa azungu munkavina tsiku ndi tsiku," ndinatero. "Kwanu kuno mwendo ukupweteka?"

Anayang'ana fumbi limene linkakwera m'bwalo.

"Mwendo uli bwino," anatero. "Koma ndikangonyamula phazi, ndimamva mzimayi uja akuti Sipho. Ndiye ndimaliika pansi."

Mawu anga onse aja anandithera m'kamwa. Mkwiyo wokha ndi umene sunathe. Unangowadutsa bambo anga n'kupita kumene unkayenera kupita kuyambira kale, kwa mzimayi amene lero mwina akumwa tiyi pakhonde lake, amene akafunsidwa anganene kuti ankapatsa anthu ntchito ndi kusunga chikhalidwe chawo. Anzawo anaitana mpaka kutopa. Nyimbo inasintha, ina inabwera, gule anatha, ndipo bambo anga sananyamuke pampando paja.